Lipoti la nkhani: kukweza mabere ogwa ndi malo a nsonga ya bere mwa mayi wa zaka 39 ku Lilongwe

Lipotili likufotokoza za mayi wa zaka 39, okhala mumzinda wa Lilongwe, amene tinawachita opaleshoni yokweza mabere ogwa, yotchedwa mastopexy m'mabuku a zachipatala, ndipo tinapitiriza kuwaona kwa chaka chathunthu. Ndalilembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala, makamaka amene amayi amayamba kuwafunsa za opaleshoniyi asanafike kwa dokotala wa opaleshoni, ndiponso amayi amene akuiganizira. Pa zonse zimene tinakambirana ndi mayiwa, nkhani imene inatitengera nthawi yaitali inali ya malo amene nsonga ya bere iyenera kukhala, chifukwa iwo ankaifuna pamwamba kwambiri kusiyana ndi pamene miyezo inkaloza, ndipo zimene zinachitika m'miyezi 12 yotsatira zikuonetsa chifukwa chake sitinavomere. Mayiwa analola mochita kulemba kuti nkhani yawo ifalitsidwe, malinga ngati dzina, chithunzi ndi china chilichonse chowazindikiritsa sizituluka.

Mbiri ya wodwala

Mayiwa anabereka ana anayi, ndipo aliyense anayamwa pafupifupi zaka ziwiri. Womaliza analeka kuyamwa zaka zitatu iwo asanabwere kwa ife. Mwana womalizayo anabadwa pa opaleshoni, ndipo nthawi yomweyo mayiwa anatseketsa. Amachita geni ya zovala za kaunjika, ntchito yofuna kunyamula katundu wolemera ndi kukhala padzuwa pafupifupi tsiku lonse. Atabereka mwana wachinayi thupi lawo linafika makilogalamu 78, kenako linatsika pang'onopang'ono mpaka 64, ndipo linakhazikika pamenepo kwa nthawi yoposa chaka. Sasuta fodya, ngakhale wa m'mphuno, alibe matenda a shuga kapena BP, ndipo kwawo kulibe amene anadwalapo khansa ya m'mabere.

Chimene chinawabweretsa poyamba chinali khungu la kunsi kwa mabere, limene linkasupuka, kuyabwa ndi kununkha chaka ndi chaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. M'kabuku kawo ka kuchipatala munali masamba angapo pamene analemberedwa mankhwala opaka pakhungu otchedwa clotrimazole, amene ankathandiza kwa kanthawi koma vuto n'kubwereranso, popeza khungu la bere linkagona pa khungu la pamimba tsiku lonse thukuta lili pakati. Anadandaulanso kuti bere la kumanzere linali lalikulu ndi lotsika kuposa linzake, moti ankachita kulipinda kuti lilowe m'kamisolo. Anali atayesapo mafuta opaka ogulitsidwa mumsika ndi pa Facebook, amene eni ake amati amaimitsa mabere, koma sanaone kusintha. Sizikanathekanso, chifukwa bere limagwa khungu lake likatamuka pamodzi ndi timinyewa ta m'kati tolimangirira kuchifuwa, timene dokotala wa ku England Astley Cooper anatifotokoza mu 1840, ndipo mafuta opaka sangafupikitse zimene zatamuka kale. Masewero olimbitsa thupi amalimbitsa mnofu wa pachifuwa umene uli kuseri kwa bere, koma bere lenilenilo ndi mafuta, tizigawo topanga mkaka ndi khungu.

Mayiwa ankakhulupirira kuti kuyamwitsa nthawi yaitali ndiko kunagwetsa mabere awo, ndipo ankanena kuti akanadziwa akanamaletsa ana msanga. Mfundoyi tinaiwongola mosazengereza, chifukwa mayi wa ana anayi amamveredwa ndi atsikana a m'dera lake. Kafukufuku amene Brian Rinker ndi anzake a ku Kentucky anafalitsa mu 2008 anapeza kuti zimene zimayenderana ndi kugwa kwa mabere ndi kuchuluka kwa mimba zimene mayi watenga, msinkhu, kunenepa, kukula kwa mabere asanayambe kubereka ndi kusuta fodya, pamene kuyamwitsa pakokha sanakupeze ndi mlandu. Bere limakula ndi mimba, kaya mwana adzayamwa kapena ayi. Mwa mayiwa, mimba zinayi ndi kutsika kwa thupi ndi makilogalamu 14 zinali zifukwa zokwanira, ndipo uphungu woti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kupitiriza mpaka zaka ziwiri, susintha chifukwa cha nkhani ngati iyi.

Zimene tinapeza powayeza

Miyezo ya bere timaitenga munthu ataimirira, mapewa atawongoka ndipo manja ali m'mbali, chifukwa akagona chagada bere limafalikira cha kukhwapa ndipo nsonga imaoneka ngati ili pamalo ake ngakhale bere litagwa kwambiri. Poyambira ndi kadzenje ka pansi pa khosi, pamene mafupa awiri opingasa amakumana ndi fupa la pachifuwa. Kuchokera pamenepo kufika pa nsonga tinapeza masentimita 28 kumanja ndi 30.5 kumanzere.

Muyezo wofunika kuposa umenewu ndi wa khwinya la kunsi kwa bere, pamene bere limalumikizana ndi chifuwa, chifukwa khwinyali silisuntha kwenikweni ngakhale bere litatsika. Woyeza amaika chala m'khwinyamo n'kukankhira kutsogolo, ndipo pamene chalacho chikumvekera kumaso kwa bere amalembapo kadontho, pa mzere wogawa bere pakati kuchokera kumwamba. Madokotala ambiri amawatchula malowa ndi dzina la Ivo Pitanguy wa ku Brazil. Mwa mayiwa kadonthoka kanagwera pa masentimita 22.5 kuchokera pa kadzenje ka pakhosi mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti nsonga ya kumanja inali masentimita 5.5 kunsi kwa khwinya, ya kumanzere masentimita 8, ndipo zonse zinkaloza pansi. Malinga ndi magulu amene Paule Regnault anakhazikitsa mu 1976, nsonga ikakhala molingana ndi khwinya ndi gulu loyamba, ikatsika pang'ono koma isanafike pansi penipeni pa bere ndi gulu lachiwiri, ndipo ikakhala pansi penipeni n'kumaloza pansi ndi gulu lachitatu. Mabere onse awiri anali m'gulu lachitatu. Palinso amayi ena amene nsonga yawo ili pamwamba pa khwinya koma mnofu wa bere ndi umene walendewera pansi, ndipo amenewa safunika kuwakwezera nsonga n'komwe. Kulephera kusiyanitsa magulu awiriwa ndi njira imodzi imene nsonga imafikira pamwamba mopitirira.

Gawo lakuda lozungulira nsonga linali litatamuka kufika masentimita 6 m'mimba mwake kumanja ndi 7 kumanzere. Khungu linali lopyapyala, la mizere yambiri ya kutamuka, ndipo likatsinidwa linkachedwa kubwerera. Tinayang'ananso mmene thupi lawo limapolera mabala, chinthu chimene sichiyenera kudumphidwa pa khungu lakuda chifukwa zipsera zotupa za keloid n'zofala pakati pathu. Kuno kwathu umboni umapezeka pathupi pomwepo: mabowo a ndolo, chipsera cha katemera wa BCG padzanja, mphini zimene ambiri anatemedwa ali ana, ndi chipsera cha opaleshoni ya uchembere. Mphini za pachifuwa pawo zinali zosalala, makutu analibe chotupa, koma chipsera cha pamimba chinali chokhuthala pang'ono, ndipo tinawauziratu kuti zipsera za pabere zikhoza kuchitanso chimodzimodzi.

M'mabere ndi m'khwapa munalibe chotupa chogwirika, ndipo sikani pamodzi ndi mammogram (ekisire ya mabere) sizinaonetse chokayikitsa. Chikanapezeka chotupa, nkhani yokweza mabere ikanaima kaye mpaka chitayezedwa, monga zimachitikira kwa mayi aliyense wotumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ndi chotupa cha m'bere. Magazi anali okwanira, hemoglobin 12.6, shuga anali bwino, ndipo kachilombo ka HIV sikanapezeke. Tinayamba tachiza khungu losupukalo, ndipo opaleshoni tinaiika m'nyengo yozizira kuti bala la m'khwinya lisamanyowe ndi thukuta.

Kukambirana za malo a nsonga

Titawapempha kuti aloze pagalasi pamene akufuna kuti nsonga ikhale, mayiwa anaika chala pamalo amene titayeza anali masentimita 18 kuchokera pa kadzenje ka pakhosi. Anati, "Adokotala, ngati mwaganiza zondidula, muikiretu m'mwamba muno, chifukwa ndikudziwa kuti adzagwanso." Maganizo amenewa amamveka anzeru, ndipo amayi ambiri amabwera nawo, koma amachokera pa chikhulupiriro choti bere likamatsika pambuyo pa opaleshoni limatsika lonse pamodzi ndi nsonga yake. Zimene zimachitika n'zosiyana. Khungu la pamwamba pa nsonga silinyamula katundu wambiri opaleshoni ikachitika, choncho mtunda wochokera pakhosi kufika pa nsonga umasintha pang'ono chabe. Kulemera konse kumagwera pa khungu la pakati pa nsonga ndi khwinya, ndipo ndi limene limatamuka m'miyezi yoyambirira, mnofu n'kutsetserekera kunsi kwa nsonga, pamwamba pa bere n'kuphwa. Nsonga imene inaikidwa pamwamba imatsala yokha pamalo ophwawo, ikuloza kumwamba, ndipo mayi akavala kamisolo gawo lakuda limasuzumira pamwamba pa nsalu.

Chinanso chimene tinawafotokozera n'chakuti zolakwika ziwirizi sizilingana kukonza kwake. Nsonga ikatsala pansi pang'ono, timachotsa kachigawo ka khungu pamwamba pa gawo lakuda, munthu ali maso atangobayidwa jakisoni wochititsa dzanzi, ndipo chipsera chimabisala m'mphepete mwa gawo lakudalo. Nsonga ikakwera mopitirira, kuitsitsa kumasiya bowo pamene inali, ndipo kutseka bowolo kumasiya chipsera pamwamba pa bere, pamalo oonekera munthu akavala bulauzi wa khosi lotsika, komanso kufupi ndi khungu la pachifuwa limene limakonda kutupa zipsera. Njira zina zimene zilipo, monga kufupikitsa khungu la kunsi kuti mnofu ubwerere kuseri kwa nsonga, zimathandiza pang'ono ndipo nthawi zambiri zimafuna opaleshoni yoposa imodzi.

M'mabuku mumatchulidwa kawirikawiri masentimita 21. Nambalayi inachokera kwa Jack Penn, dokotala wa ku Johannesburg, amene mu 1955 anafotokoza kuti mwa amayi amene iye anaona kuti mabere awo ndi ooneka bwino, mtunda wochokera pa kadzenje ka pakhosi kufika pa nsonga iliyonse, ndiponso wa pakati pa nsonga ziwirizo, unali pafupifupi masentimita 21. Ndi nambala yothandiza kukumbukira, koma ine sindiiona ngati lamulo, chifukwa anthu amasiyana kutalika kwa chifuwa, ndipo ena mabere awo anamera chapamwamba, ena chapansi. Opaleshoni imasintha maonekedwe a bere koma sisuntha pamene bere linamera. Mayi amene khwinya lake lili pa 22.5 akapatsidwa nsonga pa 21 chifukwa buku latero, wayamba kale ndi nsonga yokwera, ndipo pa 18 ndiye kuti ili masentimita 4.5 pamwamba pa khwinya kuyambira tsiku loyamba.

Tinagwirizana kuti nsonga ya kumanja ikhale pa 22.5 ndipo ya kumanzere tiilembe pa 23. Kusiyanitsako kunali kwadala. Bere lolemera limakoka khungu la pamwamba pake, ndipo kulemerako kukachepa khungulo limabwerera, kadontho kolembedwa paja n'kukwera nalo. Tikanalemba malo ofanana mbali zonse, nsonga ya kumanzere ikanadzakhala pamwamba kuposa inzake. Tinaonetsetsanso kuti malo atsopanowo asayandikire kwambiri pakati pa chifuwa, chifukwa nsonga yoloza m'kati imaoneka yachilendo kuposa yopendekera kunja pang'ono.

Amuna awo, amene anabwera nawo pa ulendo wachiwiri, anafunsa ngati nsonga timaidula n'kuisokereranso pamalo ena. Njira yotero ilipo, ndipo Max Thorek anaifotokoza mu 1922, koma masiku ano imasungidwira mabere aakulu kwambiri amene nsonga iyenera kuyenda mtunda wautali moti magazi sangaifikire. Nsonga yodulidwa n'kuikidwanso simva kukhudzidwa ngati kale, singatulutse mkaka, ndipo pa khungu lakuda kawirikawiri imayera mawangamawanga. Mwa mayiwa nsonga zinkafunika kukwera masentimita 5.5 ndi 7.5 okha, mtunda umene nsonga imayenda ili yolumikizikabe ku chigawo cha mnofu wa bere chonyamula mitsempha yake, chotchedwa pedicle. Za kuika silikoni m'mabere sitinazitalikitse, popeza mnofu wawo unali wokwanira, mtengo ukanakwera, ndipo silikoni imadzafuna opaleshoni ina m'tsogolo. Tinawafotokozera zonse zimene zingachitike: kutaya magazi, bala kuchita mafinya, bala kutseguka, dzanzi la nsonga, kufa kwa mbali ina ya nsonga kapena nsonga yonse, zipsera zotupa, ndi kusafanana kwa mabere.

Opaleshoni

Zolemba zonse tinazijambula pathupi mayiwa ataimirira, asanalowe ku fiyeta. Njira yocheka mozungulira gawo lakuda lokha, imene Louis Benelli anaitchukitsa mu 1990, imakweza nsonga masentimita ochepa chabe ndipo pa bere lotere ikanaliphwatalitsa. Njira ya chipsera chotsika chokha, ya Claude Lassus ndi Madeleine Lejour, ikanasiya khungu lambiri lokwinyika kunsi, chifukwa khungu lawo silinkabwerera. Tinasankha kachekedwe ka Robert Wise ka 1956, kamene kamasiya chipsera chozungulira gawo lakuda, china chotsika mpaka pakhwinya, ndi china chogona m'khwinyamo.

Atagonetsedwa ndi kupatsidwa mankhwala oteteza ku mafinya, tinachepetsa gawo lakuda kufika masentimita 4.2 m'mimba mwake. Nsonga tinaisiya pa pedicle yochokera kumwamba ndi cha pakati pa chifuwa, njira imene Elizabeth Hall-Findlay wa ku Canada anaifalitsa kwambiri, chifukwa mbali imeneyo ndi kumene kumachokera nthambi zodalirika za mtsempha wa magazi woyenda kuseri kwa nthiti m'mbali mwa fupa la pachifuwa. Pa pedicle tinasenda khungu la pamwamba lokha. Cha kukhwapa sitinacheke mpaka kufika pa mnofu wa pachifuwa, pofuna kuteteza nthambi ya mtsempha womverera yotuluka pakati pa nthiti yachinayi ndi yachisanu, imene imapereka mbali yaikulu ya kumva kwa nsonga. Mnofu wa kunsi kwa bere, m'malo moutaya, tinaukweza n'kuusokerera ku chifuwa kuseri kwa nsonga kuti bere lidzaze. Kumanzere tinachotsa magalamu 120 kuti mabere alingane, ndipo atayezedwa ku labu sanapezeke ndi vuto.

Tisanaboole khungu pamalo atsopano a nsonga, tinalumikiza kaye mbali zonse mongogwiriza, monga amachitira telala ndi mapini asanadule nsalu, n'kudzutsa tebulo kuti wodwala akhale tsonga. Apa ndi pamene dokotala amakhala ndi mwayi womaliza wotsitsa malo a nsonga, chifukwa bowo likabooledwa silibwezeka. Malo amene tinalemba anaoneka oyenera ndipo sitinasinthe. Mtunda wochokera kunsi kwa gawo lakuda kufika pakhwinya tinausiya masentimita 5.5, waufupi mwadala, podziwa kuti udzatalika wokha. Pomaliza nsonga zonse zinali zofunda ndipo m'mphepete mwake munkatuluka magazi ofiira bwino.

Vuto la nsonga ya kumanzere

Patatha maola anayi, namwino wa mu wodi anaona kuti nsonga ya kumanzere yatupa, yalimba ndipo yazizira poyerekeza ndi ya kumanja. Mabuku ambiri amaphunzitsa kuti nsonga imene magazi akulephera kutulukamo imasanduka ya buluu, koma pa khungu lakuda, makamaka usiku, kusinthako sikuoneka msanga, ndipo amene amadikira mtundu amazindikira mochedwa. Tinalangiza anamwino kuti ola lililonse azifanizira mbali ziwirizo pokhudza ndi kuseri kwa chala, kuona kutupa, ndipo akakayika azibaya m'mphepete mwa gawo lakuda ndi kasingano koyera. Magazi ofiira otuluka pang'onopang'ono ndi chizindikiro chabwino. Magazi akuda otuluka mwamsanga amasonyeza kuti magazi akulowa koma sakutuluka. Ndipo pakapanda kutuluka kanthu ndiye kuti sakulowa n'komwe. Apa anatuluka akuda, mwamsanga.

Tinamasula ulusi wina wozungulira gawo lakuda pabedi pomwepo, ndipo pamene panalibe kusintha patatha theka la ola, tinabwerera nawo ku fiyeta. Tinapeza magazi oundana akupanikiza tsinde la pedicle, tinawachotsa, tinamanga kamtsempha kamene kankatulutsa magaziwo, n'kusoka momasuka, mbali ina ya gawo lakuda tikuisiya yosasoka mpaka tsiku lachinayi pamene kutupa kunachepa. Nsonga inapulumuka. Khungu la pamwamba lokha linasupuka pamalo okwana sentimita imodzi m'mphepete mwa gawo lakuda, ndipo linapola ndi mtundu wotuwa. N'zosadabwitsa kuti vutoli linagwera kumanzere, kumene pedicle inali yaitali ndipo inkazungulira kwambiri kuti ifike pamalo ake, ndipo tikanalola masentimita 18 aja ikanayenda masentimita 12.5, mopindika kuposa pamenepa.

Anatuluka m'chipatala tsiku lachisanu, ali ndi malangizo ogwirizana ndi ntchito yawo, amene tinawafotokozeranso mchemwali wawo amene anali gadiyani: kwa masabata asanu ndi limodzi asanyamule mabelo, asasenze ndowa, asasinje, asabereke mwana kumbuyo chifukwa chitenje chimamangidwa pa mabere penipeni, apewe kabaza m'misewu ya mabampu, ndipo avale kamisolo wopanda waya usana ndi usiku. Pamene zipsera zitatu zimakumana m'khwinya la kumanzere panatseguka bala la masentimita 1.5, malo amene amavuta kawirikawiri pa kachekedwe aka, ndipo linapola ndi kutsuka ndi kumanga kokha m'masabata atatu.

Mmene nsonga inakhalira m'chaka choyamba

Pa sabata lachisanu ndi chimodzi mtunda wochokera pakhosi kufika pa nsonga unali masentimita 22 mbali zonse, kusonyeza kuti khungu linabwereradi, kumanzere ndi sentimita yathunthu ndipo kumanja ndi theka. Kuchokera pa nsonga kufika pakhwinya panali 7.5. Mabere anali odzaza kwambiri pamwamba, osalala kunsi, ndipo nsonga zinkaoneka ngati zikuloza pansi pang'ono. Mayiwa sanasangalale, ndipo ananena mosabisa kuti zimene ankaopa zija zachitika. Tinawaonetsa miyezo imene tinalemba m'kabuku kawo, n'kuwapempha kuti adikire, popeza maonekedwe amenewa pa nthawi imeneyi ndi amene tinkayembekezera. Bere limene likuoneka lokwana bwino pa sabata lachisanu ndi chimodzi ndi limene limandidetsa nkhawa, chifukwa likadali ndi ulendo wotsika.

Pa miyezi isanu ndi umodzi mtunda wa pamwamba unali 22.5 mbali zonse, pamene wa kunsi unafika 9 kumanja ndi 9.5 kumanzere. Pa miyezi 12 wa pamwamba unali 22.5 kumanja ndi 23 kumanzere, wa kunsi 9.5 ndi 10. Kunena kwina, kuchokera pa sabata lachisanu ndi chimodzi kufika pa miyezi 12 nsonga inatsika ndi theka la sentimita kumanja ndi sentimita imodzi kumanzere, pamene khungu la kunsi linatalika ndi masentimita 2 ndi 2.5, ndipo kutalikako kwakukulu kunachitika m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Mnofu utakhazikika, nsonga zinapezeka pamalo otukuka kwambiri a bere, zikuloza kutsogolo ndi kumwamba pang'ono, ndipo zinkabisika bwino m'kamisolo. Pa bere lomwelo, malo a masentimita 18 tsopano anali pa chitsetse cha pamwamba, cha m'mphepete mwa kamisolo, ndipo titayezera limodzi pagalasi mayiwa anaziona okha.

Kumva kwa nsonga ya kumanja kunabwerera pofika mwezi wachitatu, patadutsa nthawi ya kunyerenyetsa ndi kumva mopitirira. Ya kumanzere inabwerera mochedwa ndipo pa chaka inkamva kukhudzidwa koma osati ngati inzake. Malo otuwa aja anayamba kuda kuchokera m'mphepete ndipo anatsala ochepa kwambiri. Khungu la m'khwinya silinasupukenso nyengo yotentha imene inatsatira, ngakhale anabwerera ku geni yawo.

Zofunika kuzilingalira pa nkhaniyi

Nkhani ya munthu mmodzi siingakhazikitse nambala yoti aliyense atsatire, ndipo kutamuka kwa masentimita 2 mpaka 2.5 kumene tinapeza kukugwirizana ndi khungu lopyapyala la mayi amene watenga mimba zinayi n'kutsikanso thupi. Mwa mayi wa khungu lolimba kukanachepa. Chimene ndikuona kuti chikhoza kugwira ntchito kwa ena ndi kachitidwe kake: kuyeza munthu ataimirira, kutsogoza khwinya la bere lakelo m'malo mwa nambala ya m'buku, kulemba chapansi ku bere lolemera, ndi kusaboola malo a nsonga mpaka wodwala atakhazikidwa tsonga. Kwa amene amapereka uphungu, n'kofunika kumuuziratu mayi mmene bere lidzaonekere pa masabata oyamba, ndi kulemba miyezo m'kabuku kake, chifukwa pa nthawi imene sakukhutira manambala olembedwa kale amamveka kuposa mawu olimbikitsa.

Amayi ena amakachitira opaleshoniyi kunja kwa dziko n'kubwerako patangotha masiku ochepa. Vuto la nsonga limene tafotokozali limachitika m'maola oyamba, ndipo la malo a nsonga limaonekera patapita miyezi, choncho mayi ayenera kufunsiratu kuti adzamuyang'anira ndani usiku woyamba ndiponso adzamuona ndani pa miyezi isanu ndi umodzi. Wochitira kuno angathe kufunsa ku Medical Council of Malawi ngati dokotalayo ali m'kaundula. Mayi amene akufunabe kubereka ndi bwino adikire, chifukwa mimba yatsopano imatamulanso khungu, ndipo ngakhale ambiri amayamwitsa nsonga ikasiyidwa pa pedicle, palibe dokotala angalonjeze kuti mkaka udzakwanira. Wosuta fodya ayenera kuleka masabata osachepera anayi opaleshoni isanachitike, popeza fodya amafinya timitsempha tomwe nsonga imadalira.

Mwa mayiwa chatsala ndi chipsera. Kumapeto kwa chipsera chogona, cha pakati pa chifuwa kumanzere, kunakhuthala ndi kuyabwa kuyambira mwezi wachitatu, koma sikunapitirire malire a bala, choncho tikukutenga ngati chipsera chokhuthala osati keloid. Akulandira jakisoni wa triamcinolone, mankhwala ofewetsa zipsera, pamalopo motalikitsa ndi masabata asanu ndi limodzi, atachenjezedwa kuti mankhwalawa akhoza kuyeretsa khungu lozungulira, ndipo chayamba kufewa. Kusiyana kwa theka la sentimita pakati pa nsonga ziwirizo tagwirizana kuti tisakukhudze. Tawauza kuti apitirize kudziyeza mabere mwezi ndi mwezi, kuti chotupa chilichonse chatsopano chikayezedwe ngakhale mafuta ofa pambuyo pa opaleshoni amathanso kupanga kachotupa kolimba, ndi kuti pokajambulitsa mammogram azinena kuti anachitidwapo opaleshoni ya mabere. Tidzawayezanso pa miyezi 18, makamaka mtunda wa pakati pa nsonga ndi khwinya kumanzere, kuti tione ngati waleka kutalika.